Voti Yachitatu

Lachitatu, 28 Julayi

Mwethya, ntchito yathu yothandizana kumunda, lero kwa Syokau. Amayi onse a gulu lathu lolimirana, makasu, mafosholo, nyimbo. Milambala iwiri yatha dzuwa lisanafike paliwombo. Dothi gwa, ngati njerwa yowotcha. Msana ukuwawa koma sindikudandaula, tsiku langa likubwera pakati pa Seputembala. Mlambala wanga wakumtunda unagumuka ndi mvula yapitayi, wachiwiriwo watsala dzina lokha. Ikapanda kukumbidwa mvula ya Okutobala isanagwe, dothi lonse likathera kumtsinje. Ndipo chimwalirireni Muli, mundawu ndiye mwamuna wanga.

Titatha kudya muthokoi, chimanga chokonola chophika ndi nandolo, Kalondu anaimirira n'kupukuta pakamwa. Wapampando wathu, komanso mkazi wa alamu anga a Musau, akulu ake a Muli. Akapukuta pakamwa chotero ndiye kuti kukubwera lamulo.

Akuti Kituku, wa malole a mchenga uja, amene akuimira ukhansala pa chipani cha Njuchi, walonjeza thanki yamadzi. Yaikulu, yoima pasukulu. Koma ipita kumalo ovotera kumene adzapeze mavoti onse, osathawa ngakhale imodzi. Amene akumusowetsa tulo ndi Mwongeli, namwino wopuma uja, yemwe waima payekha ndi chizindikiro cha loko.

Nzeru ya Kalondu nayi: "Tikafika pakhomo, aliyense anene kuti sadziwa kulemba. Ukatero mkulu wa pamalopo amakufunsa, iwe n'kutchula mokweza, iye n'kuchonga mamonitala akuona. Wonamiza mnzake palibe. Amuna adziwa okha, koma ife amayi tituluke oyera!"

Onse m'manja. Ine maso pambale.

Lachisanu, 30 Julayi

Kumtsinje ndi bulu. Madzi atsikanso, tikufukula mchenga mpaka m'chiuno kuti zigubu zidzadze. Malole a Kituku anatapa mchenga wonse wapamwamba, lero mwini wake yemweyo akutilonjeza thanki. Kukubera nkhuku n'kukugawira nthenga.

Komabe ndimuvotera. Ine ndine wa Njuchi. Kaunti yonse ino, ndiye kuti chigawo chathu chonse, ndi ya Njuchi, kuchokera kumapiri kuno mpaka kuchigwa chaminga uko. Mapepala asanu ndi limodzi, la pulezidenti, gavanala, seneta, phungu, phungu wa amayi, khansala, onse timachonga malo amodzi. Kuvala suti. Suvala jekete la uyu, buluku la uyo. Apongozi anga anafa akuvala suti, Muli chimodzimodzi. Kuno utamangirira mbendera ya Njuchi pa bulu wangayu, mawa ali kunyumba ya malamulo, ndipo mwina n'kuchitako bwino kuposa ena.

Upulezidenti sitinaulawepo. Chisankho chilichonse timavina, timagwa, timabwerera kumunda. Anzathu a kaunti ya kuseri kwa phiri amasintha ngati bilimankhwe, wolamula ndiye wawo, ndipo ali ndi msewu waphula mpaka pakhomo la tchalitchi. Ife fumbi. Timati ife sitigulidwa, ndipo timanena mutu uli m'mwamba. Nanga thankiyi ndi chiyani? Funso limeneli ndalisiya kumtsinje, bulu anali atalemedwa kale.

Vuto langa si Kituku. Ndi mawu awiri aja, "sindidziwa kulemba."

Lamulungu, 1 Ogasiti

Ulaliki sindinaumve. Maganizo anali kuchipatala, chaka chimene Muli anamwalira, tsiku lotenga mtembo. Kalaliki anandikankhira pepala, ine n'kungoima ngati chitsa. Sanafunse n'komwe. Anangogwira chala changa chachikulu monga agwirira mwendo wa nkhuku pamsika, kuviika mu inki, kudinda. "Wotsatira!" Mwamuna wanga ndinamutenga ndi chidindo cha chala, osadziwa kuti pepalalo likunena chiyani za iye.

Maliro atatha ndinayamba sukulu ya akuluakulu. Loweruka lililonse masana, pa timabenchi ta ana, mawondo kugunda desiki, imvi zitayamba kale. Tinayamba ambiri, ndinatsala ndekha ndi aphunzitsi. Kalondu ankati, "Make Mutheu akufuna akhale loya wa mbuzi." Tsiku limene K wa dzina langa anaima bwinobwino osapendama, Kavindu yense n'kutuluka papepala, ndinalira pamaso pa aphunzitsi, mwana wofanana ndi Mutheu wanga.

Lero ndikaime pasukulu yomweyo, ndinene kuti sindidziwa kulemba?

Ndamupeza Kalondu potuluka m'tchalitchi. Ndinati, "Make Kyalo, suti ndivala, koma ndivala ndekha." Anaseka. "Mawu awiri okha akukulemera? Sakulanda mbuzi, sakulanda munda. Kabodza kongopita ndi mphepo!" Ataona kuti sindikuseka nawo, anakonza duku lake. "Mutu umodzi susenza denga, mlamu. Seputembala sali kutali."

Ndamva. Si ine mwana.

Lachitatu, 4 Ogasiti

Mwethya kwa Mbeke. Ntchito yochepa, ndale zambiri. Kituku anabwera yekha ndi galimoto, zitenje za njuchi, shuga theka la kilo aliyense. Mimba patsogolo, mwini wake pambuyo. "Njuchi!" Ife, "Iluma!" Shugayo ndalandira, ndi wa mchenga wathu.

Atapita, Kalondu anati tiyeserere. Iye kukhala pa chigubu ngati mkulu wa malo ovotera, ife kufola. Mmodzimmodzi, "Sindidziwa kulemba." Mbeke amene anafika Fomu 2, amene amawerenga zolengeza kutchalitchi ndi mawu ngati wailesi, naye anapinda khosi n'kunena mwa kamwana, "Sindidziwa, bwana." Anthu kuseka mpaka misozi.

Nthawi yanga. Ndinati, "Ndimadziwa."

Anaseka poyamba, ankayesa ndi sewero lomwelo. Kenako anaona kuti si sewero. Wina kumbuyo: "Loya wa mbuzi wagula loko!"

Zimenezo sizinandipweteke. Chandipweteka ndi Syokau pobwerera. Syokau amene anagona kwanga mwezi wathunthu Muli atapita. Iye sadziwadi kulemba. Anaima panjira n'kutula khasu. "Ndiye ife osalembafe ndife agalu, Kavindu? Mawu amenewo ine ndimawanena chisankho chilichonse, oonaoona. Ndinafa?"

Ndinafuna kunena kuti kwa iye ndi choonadi, kwa ine ndi kudzitukwana. Mawu anakana kutuluka bwino. Tinasiyana pamphambano osatsanzikana. Mtima ukuwawa, koma sindisintha.

Lolemba, 9 Ogasiti

Mabasi odzaza, a m'tauni akubwera kudzavala suti kwawo. Mutheu sabwera, mtengo wa basi yochokera ku Nairobi wakwera kawiri. Waimba foni. Nkhani inamupeza kale, Kyalo anamuuza.

"Amayi, ingonenani basi, mawu sadula lilime. Akakusalani, ine ya aganyu ndilibe. Milambalayo mukumba ndi cholembera?"

Mwana wanga amene ndinamugulitsira ng'ombe kuti aphunzire. Ndinati, iwe ukanena kuti sudziwa kulemba kuntchito kwakoko, ndiuze tidzanenere limodzi. Anati ndine wouma mutu ngati bambo ake. Walakwitsa, bambo ake anali wofewa.

Ndasita diresi labuluu. Chiphaso m'kathumba. Chimodzi chokha ndikuopa: kuphonya chilembo anthu akuona.

Lachiwiri, 10 Ogasiti

Mzere kuyambira m'mawa, mpaka kuzungulira bwalo la mpira. Amayi a gulu pamodzi, ine pakati pawo ngati mwala mu nyemba. Kalondu m'kati kale, pa benchi ya mamonitala, akuimira Njuchi.

Ndipo inayamba nyimbo. "Sindidziwa kulemba." "Sindidziwa kulemba." Mkulu wa pamalopo, mayi wachilendo wa magalasi, kufunsa, kuchonga, kuonetsa mamonitala, mapepala asanu ndi limodzi munthu aliyense. Mzere kuyenda ngati nkhono. Atafika pa Mbeke anavula magalasi. "Kodi mudzi uno sukuluyi inamangidwira mbuzi?" Amuna panja kuseka.

Makina owerenga chala anakana chala changa, khasu linafufuta mizere. Kupukuta, kupaka mafuta, mpaka anavomera. Pofika patebulo mayi uja sanandiyang'ane n'komwe, cholembera chili kale m'manja. "Nanunso mayi?"

Ndinati, "Ine ndimadziwa. Ndipatseni."

Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinafunira. Kalasi yonse inatembenuka.

Kachipinda ka katoni. Ine ndekha ndi mapepala. Ndinawerenga dzina lililonse, ngakhale a anthu amene sindinawamvepo chibadwire, chilembo ndi chilembo, osafulumira. Panja wina: "Akulemba mayeso m'menemo?" Alankhule. Sindinaphonye chilembo.

Pa pepala la khansala ndinaima. Loko, nkhope ya Mwongeli pambali. Mayi amene anandichiritsa pobereka Mutheu, mvula ikugwa, galimoto kulibe. Pansi pake Kituku akumwetulira ngati wangodya kumene. Cholembera chinayendayenda. Kenako ndinachonga Njuchi. Chitsiru, koma chitsiru chathu. Suti yonse, jekete mpaka nsapato, ndi dzanja langa.

Kupinda, kuponya m'mabokosi. Inki pa kachala kakang'ono, ndipo kachalako ndinakapereka ndekha. Potuluka maso a Kalondu anali pamsana panga mpaka kuchipata.

Ndafika pakhomo n'kuphika chapati, popanda mlendo, popanda chifukwa. Ndakondwa lero. Ndakondwa kwambiri.

Lachitatu, 11 Ogasiti

Zotsatira amata pachitseko cha kalasi. Osadziwa kulemba adzulo aja lero akuwerenga bwinobwino, chala papepala.

Mapepala asanu, Njuchi yokhayokha. La khansala: Kituku mazana anayi ndi kanthu. Loko, atatu.

Awiri akudziwika. Mphunzitsi wa sekondale, wobwera, amene amanena poyera kuti suti ndi ya maliro. Ndi Kimeu chidakwa, amene anatuluka m'kalasi akukuwa kuti waikiya Njuchi m'botolo. Wachitatu?

Palibe anandifunsa. Anthu anangosuntha, ine n'kutsala ndekha pachitseko, malo onse anga.

Kituku wapambana wadi yonse mosavuta, Mwongeli sanayandikire n'komwe. Koma thanki ikupita kuchigwa, kumene kunalibe wothawa ngakhale mmodzi. Madzulo mwana wa Mbeke waponya chigubu chobooka pakhomo panga. Ndachisunga, ndibzalamo tsabola.

Voti yachitatuyo si yanga. Ndi ya ndani sindikudziwa, ndipo si nkhani yanga. Amuna mazana awiri anavota okha m'kachipinda komweko, koma iwo safunsidwa.

Lolemba, 16 Ogasiti

Upulezidenti wapitanso kwa ena. Kaunti yathu, pa anthu khumi aliwonse, asanu ndi anayi Njuchi, wailesi ikutero. Kuseri kwa phiri akuwomba mahutala. Kuno sitolo zatseka msanga, amuna akukambirana za kuberedwa, monga mwa nthawi zonse. Nanenso zandiwawa ngati wina aliyense, koma wolira naye ndilibe. Kumtsinje ndikafika, nkhani imatha.

Lachitatu, 18 Ogasiti

Mwethya kunalibe, kunali mlandu. Pansi pa mtengo wa bwemba kwa Kalondu. Mpando pakati, Baibulo pampando. Kalondu anapukuta pakamwa.

"Sitikukuda, make Mutheu. Gwira apa, unene pamene unachonga pa pepala la khansala. Ukati Njuchi, tikhulupirira, nkhani yatha, Seputembala tili kwako. Ukati loko, upepese, ulipe mbuzi, nkhani yathanso."

Kunena zoona, njira anandipatsa, yotakata. Ndikanangogwira buku n'kunena choonadi chenicheni, lero ndikanakhala ndikumwa tiyi kwa Syokau. Dzanja linanyamuka lokha mpaka pakati. Ndiye ndinaganiza: ndikanena, kusiyana kwake n'chiyani ndi kuchongeredwa? Pepala lomwelo, maso omwewo, kungoti achedwa sabata imodzi. Kachipinda kaja ndiye kuti ndinalowamo kudzasewera.

Ndinati, "Bukulo ndikhoza kukuwerengerani tsamba limene mufuna. Koma pepala langa lili m'bokosi, ndipo bokosi ndi lomata."

Phokoso. Mbeke: "Wavomera! Wosalakwa sakana kulumbira!" Wina: "Ana athu azimwa zilembo zako?" Iyi inandilasa, chifukwa thankiyo nanenso ndinkaifuna. Msana wanga si wachitsulo.

Chigamulo: mwethya sufika kwanga mpaka nditanena. Ndinaimirira n'kuwayang'ana mmodzimmodzi. Palibe munda pamenepo umene ulibe thukuta langa. Ndinawauza zomwezo. Syokau maso pansi, akukumba dothi ndi chala chakuphazi.

Loweruka, 28 Ogasiti

Tsoka silinunkha. Masana dzuwa lili phwee, anthu akuchokera kumsika, galimoto yaing'ono yaima pakhomo panga. Mwongeli. Wamva kuti kuli mayi wolimba mtima amene akuzunzika chifukwa cha iye. Wabwera ndi buledi, majani a tiyi, ndi misozi m'maso.

"Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Voti yako imodzi ija ndaiwerengera chikwi."

Ndikanatani? Kumuuza kuti amayi, ndinachonga wa mchenga? Ndiye kuti ndanena. Kumuuza kuti zikomo? Ndiye kuti ndanama. Kumpanda mitu ya anthu ngati maungu.

Ndinamupatsa mpando, ndinamuphikira tiyi wamkaka, chifukwa ndi mlendo ndipo ndi amene anadula mchombo wa Mutheu. Ndinati, "Amayi, a Njuchi ndinawakana kuwauza, inunso sindikuuzani. Buledi tengani, mwina si wanga." Anandiyang'ana n'kuseka mpaka kutsamwa. Bulediyo anamusiya, akuti ndi wa tiyi osati wa voti.

Pofika madzulo mudzi wonse ukudziwa kuti Loko wabwera kudzalipira.

Lachitatu, 15 Seputembala

Tsiku langa.

Ndinaphika. Anthu aziti Kavindu wapenga, koma mwambo umati mwini munda aphike, ndiye ndinaphika. Muthokoi mphika waukulu uja wa maliro, nandolo womaliza wa m'nkhokwe. Tiyi. Zingwe zoyezera ndinamanga dzulo, zikhomo kukhoma.

Dzuwa kukwera. Nyimbo ndinaimva, inde, koma kutsidya, kwa mpongozi wa Mbeke amene tsiku lake linali la mwezi wamawa.

Ndinalira pang'ono kuseri kwa khola, mbuzi zokha zikuona. Kenako piki paphewa.

Kukumba, kuponya dothi kumtunda, kukumba. Ntchito ya amayi makumi awiri, munthu mmodzi. Pofika madzulo kadzenje kongokwana kugonamo ine. Muthokoi ndagawira ana obwera kusukulu, wina galu, wina ndiumitsa.

Mutheu waimba. Sindinayankhe, ndikudziwa kale mawu ake.

Lachinayi, 30 Seputembala

Matuza anaphulika, anauma, aphulikanso. Cholembera chikuvuta kugwira. Mlambala wakumtunda ndafika pakati. Wachiwiri sindinaukhudze. Aganyu awiri ndinawafunsa, mtengo wake ndi mbuzi yamkaka, ndipo mmodzi anati mayi ake amuletsa.

Lero ndinakhala pamwamba kupuma, ndikuyang'ana kumunsi. Ndipo ndinaona chimene tonse takhala osachiona, ine ndi iwo omwe. Phiri ili apongozi analigawa pawiri, Muli kumtunda, a Musau kumunsi. Madzi onse ochokera kumsewu amayamba kwa ine. Milambala yanga ikawagwira, amalowa pansi. Ikapanda kuwagwira, sakaima pamalire kufunsa kuti munda uwu ndi wa ndani. Kumunsi kwanga kuli mango omezanitsa a Kalondu, khola lake, khitchini yake.

Ndinaseka ndekha. Kenako ndinachita manyazi ndi kusekako, ndinatsika kukawauza alamu. Mfiti si ine.

A Musau anakanda mutu. "Zoona, mlamu, koma za amayi ine sindilowerera." Kalondu anayankhira m'nyumba, osatuluka. "Muuzeni pakamwa ali napo. Akanena, mawa tili komweko. Asatiopseze ndi mitambo."

Ndawauza. Mulungu ndi mboni, ndi nkhuku zawo.

Lachitatu, 13 Okutobala

Kutentha kwa mvula. Nyerere zikusamuka. Ndabzala pouma, chimanga ndi mphodza, monga aliyense.

Syokau wabwera, koyamba chichitikireni mlandu. Osati ndi khasu. Anaima kumpanda, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. "Kavindu, taona manja akowo. Undinong'oneze ine ndekha, ndikanene kuti walumbira. Ine ndikudziwa kuti ndiwe wa Njuchi, ndinakuona ukulira wailesi italengeza za upulezidenti."

Apa ndiye panali povuta kuposa Baibulo lija. Mnzanga, maso ofiira, akundipempha kuti ndidzipulumutse.

Ndinati, "Ukudziwa, ndiye ukufunsiranji?" Anati gulu likufuna kumva pakamwa panga. Ndinati pakamwa pomwepo ndi pamene akhala akufuna kuyambira Julayi.

Anachoka akundinena kuti ndine mwala. Atapita ndinapeza kabotolo ka mafuta opaka m'manja pa chikhomo cha mpanda.

Lachinayi, 21 Okutobala

Yagwa. Masana, mwadzidzidzi, yamatalala poyamba kenako ngati akukhuthula migolo. Ndinaima pakhonde. Madzi a kumsewu analowa ofiira. Theka limene ndinakumba linagwira, linadzadza, linaima nji. Theka linalo, madzi anangodutsa ngati pakhomo lopanda chitseko. Mlambala wachiwiri sunachedwe n'komwe.

Ndinaona munda wanga ukuyenda. Dothi limene Muli anathira manyowa zaka zonse zija, mbewu zanga m'kati, zonse kutsetsereka. Chigwembe chotalika mpaka m'chiuno, kuchokera pakati mpaka kumalire. Sindinakuwe. Ndinangokhala pansi pamadzi pomwepo.

Kenako kukuwa kumunsi. Kalondu. Mango ake anayi azuka ndi mizu, khola lagwa mbali imodzi, khitchini matope mpaka pa mafuwa. Ndinatsika, tinatulutsa mbuzi pamodzi, iye kutsogolo ine kumbuyo, osalankhulana. Kamwana kambuzi kamodzi sitinakapeze.

Sindikukondwa. Ndinayesa ndidzakondwa, koma ayi. Theka la munda wanga lili pakhomo pake, ndipo kwa iye ndi matope chabe.

Iyi inali yoyamba. Mitambo sinachoke.

Lachisanu, 22 Okutobala

Ndikulemba choimirira, nandolo wobwereka ali pamoto.

M'mawa ndinamva makasu akugundana panjira. Onse, ngakhale Mbeke. Lachisanu, tsiku losakhala la mwethya. Opanda nyimbo, ngati opita kokumba manda. Kalondu patsogolo, maso otupa, matope adzulo akadali m'miyendo. Anafuna kungodutsa pachipata.

Ndinaima pakati pa chipatacho.

"Tabwera chifukwa cha madzi, osati chifukwa cha iwe," anatero.

Ndinati madziwo ndi anu, koma mundawu ndi wanga. Mwabwera ngati aganyu a make Kyalo, kapena ngati mwethya? Ngati ndi aganyu, kakumbeni kwake. Ndinkadziwa kuti akanatembenuka ndikanatsala ndi chigwembe changa. Kumwamba kukuda kale. Kalondu anayang'ana mitambo, anayang'ana kumunsi kwa denga lake.

"Mwethya."

Ndinati sindinamve. Anabwereza. Ndinati mwethya wopanda nyimbo ine sindiudziwa. Kenako Syokau, ndi mawu ake osasa aja, anayambitsa, ena n'kupolokozana nawo mmodzimmodzi. Ndinachoka pachipata.

Mlambala wakumtunda watha. Wachiwiri uli pakati. Chigwembe akutseka ndi miyala ndi nthambi. Dothi lopita lapita, chaka chino ndidya zochepa, ndikudziwa.

Kalondu anadzakumba pafupi ndi ine, phewa ndi phewa, matope m'mawondo. Nyimbo itakwera, anandiyandikira, mawu pansipansi.

"Tili awiri, mlamu, palibe akumva. Sindikauza munthu. Unachonga pati?"

Ndinati, "Ponya dothi kumtunda, make Kyalo. Ikubwera."